Magetsi a Bambo a Brave

Amuna anga, a Msaiwale, ndi munthu woti akakwiya salankhula, amakonza zinthu. Chaka chimene mwana wathu Brave anasiya maphunziro a uinjiniya n'kupita ku Japan kukaphunzitsa ana Chingerezi, iwo anapenta nyumba yonse, anasintha mipope yakubafa imene sinkadontha n'komwe, koma kulankhula ndi mwanayo ayi. Brave akaimba foni, bambo ake ankakumbukira mwadzidzidzi kuti kugalaja kuli ntchito. Ine ndinatsala pakati, kunyamula moni woti palibe wandituma. Zinkandiwawa. Mwana ndi mmodzi yemweyu, ndipo chimene ndinkafuna n'chakuti awiriwa angolankhulana, ngakhale kukangana kumene.

Kumayambiriro kwa Disembala Brave ananditumizira uthenga woti Khirisimasi ino sabwera, ntchito yachuluka. Kenako anayamba kutumiza mavidiyo, pafupifupi madzulo aliwonse. Unali msewu waukulu wa mumzinda wa Osaka, mitengo yonse ya m'mbali mwake itakulungidwa ndi timagetsi mpaka kunsonga. Anthu anali piringupiringu, atavala majasi, mafoni ali m'mwamba. Ndinkasiya dala foni yanga patebulo vidiyo ikusewera, ine n'kupita kukhitchini. Tsiku lina ndinawamva bambo a Brave akung'ung'udza okha kuti kodi timagetsi tomweti n'timene tikumusunga mwanayu kumeneko. Loweruka lake anabwera kuchokera kushopu galimoto itadzaza makatoni mpaka pampando wakutsogolo.

Kuno ku Ellenbrook, ku Australia, zoyatsa magetsi a Khirisimasi si zachilendo. Aneba ena amakongoletsa nyumba zawo, ndipo dzuwa likalowa makolo amatenga ana pagalimoto n'kumazungulira misewu kuonerera. Koma ena onse amachita mwaulemu. Amuna anga anakwera padenga dzuwa likuswa mtengo, munthu wa shuga ndi mawondo ovuta, n'kuyala mawaya denga lonse. Anakulunga mtengo wa mandimu, bokosi la makalata, ngakhale bini ya zinyalala inapulumukira mkamwa mwa mbuzi. Pakapinga anaimikapo mphalapala zamawaya zogwedeza mitu. Ndikawafunsa kuti akupikisana ndi ndani, ankangoti ndigwire makwerero.

Tsiku loyamba kuyatsa ndinali kuntchito, kuchipatala ku Murdoch. Nditatsika sitima n'kukhota pamsewu wathu, ndinaona magalimoto atandanda mbali zonse, anthu ataima duu pakhomo panga osalankhula. Kwathu ku Dedza ukaona zotere pakhomo pako sufunsa, umangoyamba kulira. Ndinathamanga ndi chikwama changa, mumtima ndikuti basi agwa padenga. Ndinawapeza ali bwinobwino pabalaza, atazimitsa nyali, akusuzumira anthuwo pakatani ngati mwana woti waswa galasi.

Mantha atatha panabwera vuto lina. Anthu aja ankabwera madzulo aliwonse, n'kuima pabwalo panga, popanda odi, popanda moni. Ankaloza denga, kujambula, kukweza ana paphewa, kenako n'kumapita. Ine m'nyumba sindinkakhazikika. Ndikakhala pansi ndinkadzukanso, ndikayamba kutsuka mbale ndinkazisiya. Ndinaleredwa kuti munthu saima pabwalo pako iwe uli m'nyumba osamupatsa pokhala. Bambo a Brave anati ndiwasiye, abwerera magetsi osati ine. Ndinawayankha kuti magetsiwo ndi awo koma bwalolo ndi langa.

Ndinatulutsa mipando yapulasitiki imene timakhalira tikakhala ndi mphakati, ndinaindandalika m'mphepete mwa kapinga, n'kuika jagi ya madzi ozizira ndi makapu. Poyamba anthu ankandithawa, kumwetulira uku akubwerera chammbuyo, mwina ankayesa ndikugulitsa kanthu kapena ndikufuna kuwalalikira. Woyamba kukhala pampando anali mayi wina wokalamba woyendera ndodo, kenako amayi oyamwitsa, kenako aliyense. Neba wathu wakumanzere anabwera kudzadandaula kuti magalimoto akumutsekera potulukira, ndipo naye anachoka atamwa madzi.

Amuna anga mipandoyo analibe nayo ntchito. Chawo chinali chimodzi: madzulo aliwonse ankandifunsa, maso ali kumbali, ngati sindijambula. Sanatchulepo woti ndimutumizire. Ndinkajambula n'kutumiza ku Osaka, Brave n'kuyankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu basi. Bambo ake akaona kachalako, mawa lake ankabwera ndi katoni ina. Nyumba inafika powala moti kuchipinda sitinkagona bwino, makatani akuthwanima zofiira ndi zobiriwira. Ndinayamba kuopa kuti Khirisimasi ifika n'kudutsa, awiriwa akuponyerana magetsi kudutsa nyanja popanda liwu limodzi.

Kutatsala masiku ochepa kunabwera Natwange, mtsikana wa ku Zambia amene amaphunzira ku yunivesite ya Murdoch ndipo timaimba naye kwaya. Anati nyumba yathu yamveka mpaka kusukulu kwawo, ndipo anabwera ndi mnzake wa m'kalasi, mtsikana wa ku Japan. Nditamva za Japan ndinawakhazika pamipando yabwino, n'kutulutsa foni kuti ndionetse mlendoyo kumene kuli mwana wanga. Bambo a Brave anali chapafupi, atagwada, akukonza mphalapala ina imene inasiya kugwedeza mutu.

Mtsikana wa ku Japan uja anauzindikira msewuwo nthawi yomweyo, anasangalala, anati kwawo si kutali ndi pamenepo. Anaonera vidiyo yachiwiri, yachitatu, kenako kumwetulira kuja kunachepa. Anafunsa mwaulemu kuti kodi mwana wanga amapitako ndi ndani. Anafotokoza kuti kwawo Khirisimasi ambiri saitenga ngati tsiku la banja ngati mmene timachitira ife, kuti achinyamata amaitenga ngati nyengo ya anthu okondana, ndipo kumagetsi oterowo ambiri amapita awiriawiri. Iye mwini, anatero, chaka chimene analibe woyenda naye ankazungulira njira ina pochokera kuntchito, chifukwa palibe pamene munthu amadziona kuti ali yekha ngati pakati pa chigulu chimenecho.

Ndinailanda foniyo n'kuyambiranso kuonera. Ulendo uno sindinayang'ane mitengo. M'mavidiyo onse aja munalibe liwu loyankhula naye, munali mapazi ake ndi mpweya wake basi. Nkhope yake ikaoneka, foni inali m'dzanja lake lomwe, mkono atautambasula, ndipo kumbuyo kwake kunkadutsa anthu ogwirana manja. Masaya anali atalowa. Mwana wanga ankapita kumsewu umenewo madzulo aliwonse chifukwa kuchipinda kwake kunalibe munthu, ine n'kumamuyankha kuti koma ndiye kwakongola. Chisoni chinandigwira, moti ndinaiwala kumuthokoza mlendoyo.

Mphalapala ija inali isanakonzeke, koma bambo a Brave anali ataimirira. Anapukuta manja pathalauza.

"Mayi a Brave, tandipatsani foniyo."

Anaimba okha, ya vidiyo. Brave anayankha msanga poganiza kuti ndine, ali pamsewu womwe uja, chipewa chitaphimba makutu. Atamva kutsokomola kwa bambo ake ndi pamene anadziwa amene waimba.

"Iwe Brave, uli ndi ndani kumeneko?"

Mwanayo anayankha m'Chingerezi chake cha kuno, mmene amachitira nthawi zonse, kuti kuli anthu ambirimbiri, n'kutembenuza foni kuti aonetse chigulucho.

"Sindinafunse za anthu. Iweyo uli ndi ndani?"

Foni inatembenukanso, ndipo Brave anayankha m'Chichewa chake cholemera lilime chija.

"Ndili ndekha, adadi."

Ndinaona amuna anga akuyang'ana uku ndi uku, ndipo ndinadziwa kuti akufunafuna chinthu choti akonze, kuti andibwezere foni n'kuthawira kugalaja. Ndinapinda manja anga pachifuwa kuti asapeze poiika. Ndi Brave amene analankhulanso. Anati sakuwaona bwino, magetsi akumbuyo kwawo achuluka, pafoni pakungooneka chithunzithunzi chakuda.

Bambo ake anatembenuka n'kuyang'ana nyumba yawo, denga lonse lija analikwera ndi mawondo owawa. Pakapinga panali podzaza, magalimoto ena anali akufika kumene. Analowadi m'galaja, foni ili m'manja, ndipo ndisanaganize n'komwe chimene akukachita, nyumba yonse inangoti bii.

Anthu anadandaula onse pamodzi. Kamwana kena kanayamba kulira, wina anaimba hutala, bambo wina anafuula kufunsa ngati fyuzi yapsa. Amuna anga anatuluka, anakoka mpando umodzi mwa mipando yanga ija, n'kukhala pansi pa kababu kakale ka pakhomo, kamene takhala tikuyatsa chilowereni m'nyumba muno. Anakweza foni kufupi ndi nkhope.

"Ukundiona tsopano?"

"Ndikukuonani."

"Chabwino. Ndiye tandiuza, wadya chiyani lero?"

Ine ndinatenga jagi yanga n'kuyamba kuzungulira mumdimamo, kupepesa alendo mmodzimmodzi ndi kuwauza kuti abwerenso mawa, lero eni magetsi ali ndi mwana wawo.