Nyemba za Mlongo Verna

Chaka chilichonse mwezi wa Meyi ukafika, Orpha Caudill amatsitsa botolo la nyemba pamwamba pa kabati n'kukhala nalo pakhonde kanthawi asanapite kudimba. Pano wakalamba, maondo amamuvuta, ndiye amangobzala mizere iwiri. Nyembazo ndi zoyera, zing'onozing'ono, zosalala. Anthu a m'khwawa la Turkey Lick amazitcha nyemba za Mlongo Verna, ngakhale kuti Vernayo sanabwere nazo. Pobwera analibe ndi khasu lomwe.

Verna Hochstetler anafika m'chaka cha 1958, mgodi wa malasha utangotsekedwa. Mpingo wake wa ku Ohio ndi umene unamutuma kuno ku mapiri a Kentucky kuti adzatsegule tchalitchi ndi kuthandiza osauka. Anabwera ndi migolo inayi ya kaunjika, bokosi la Mabaibulo ndi kalimba kopopa ndi mapazi, nakhala m'nyumba imene kale inali sitolo ya kampani ya mgodi. Anali wamtali, wamagalasi, wosakwatiwa, ndipo pakamwa pake sipankachoka mawu akuti zikomo. Ukamusonyeza njira, zikomo. Ukamufunsa nthawi, zikomo. Anthu ankati ngakhale galu akamupatukira panjira ankamuuza zikomo.

Sabata yake yoyamba, apongozi a Orpha, a Dovie, anatsika kukamulandira. A Dovie anali mzamba, ndipo theka la anthu a m'khwawamo linabadwira m'manja mwawo. Anaphika nyemba zoyanika ndi makoko ake, zija timatunga pa ulusi n'kupachika pakhonde, anaponyamo kachidutswa ka mafuta a nkhumba, anaphikanso chikondamoyo. Ananyamula mphikawo okha, mtunda wonse uja.

Verna anatsegula chitseko, anayang'ana mphikawo, kenako anayang'ana nsapato za a Dovie, zimene zinali zomanga ndi waya. Anati zikomo kwambiri, koma iyeyo chakudya anali nacho chokwanira, bola akapatse adzukulu poti ndi amene akufunika kudya. Atatero anathamangira ku mgolo n'kutulutsa chikhoti chabwino chabuluu kuti awapatse.

A Dovie chikhoticho sanachigwire. Anatsanzika mwaulemu, anakwera phiri ndi mphika wawo, ndipo atafika anakhuthulira nyemba zonse m'khola la nkhumba. Orpha anaona ndi maso ake, m'nyumba mulibe chakudya china chamadzulo kupatula mbatatesi.

A Dovie sanaletse munthu aliyense kupita kwa Verna. Anangonena kamodzi, akusuta kaliwo wawo pakhonde, kuti munthu amene sadya za mumphika mwawo, zovala zake sizingawakwane. Mawu amenewo anayenda khomo ndi khomo mpaka kumutu kwa khwawa.

Chisanu cha chaka chimenecho chinali choopsa. Ana ankapita kusukulu atavala majekete a abambo awo opinda manja, koma migolo ija inakhala yodzaza. Lamulungu lililonse Verna ankaliza belu, kudikira, kenako n'kuimba limba yekha mabenchi ali mbee. Anthu ankamupatsa moni bwinobwino panjira. Pakhomo pake pokha ndiye sankapondapo.

Amene ankapondapo anali Orpha yekha, ndipo ankalowera kuseri. Nthawi imeneyo anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Mwamuna wake Denver anali atapita ku Detroit kukagwira ntchito kufakitale ya magalimoto, ndipo ankalemba kalata sabata iliyonse. Orpha sukulu anasiyira kalasi yachiwiri. A Dovie sankadziwa n'chilembo chimodzi chomwe. Makalata oyamba anawawerenga mkulu wa papositi, mokweza, amuna okhala pafupi ndi mbaula akumva, ndipo akafika pamene Denver wanena zoti wasowa mkazi wake ankawerenga mokoka mawu anthu n'kumaseka. Kuyambira pamenepo Orpha ankati akatenga kalata Lachinayi, amadzera kumtsinje n'kukagogoda pakhomo lakuseri kwa Verna.

Verna ankawerenga motsitsa mawu, osaseka, ndipo akamaliza ankatembenuza envelopu n'kumuphunzitsa zilembo ndi pensulo. Khofi ankamupatsa, koma Orpha sankamwa. Ankaopa kuti apongozi amva fungo.

M'mwezi wa Malichi, Orpha anapeza Verna atakhala patebulo ndi kalata yakeyake. Akuluakulu a mpingo analemba kuti abwera Lamulungu loyamba la Juni kudzaona ntchito. Akadzapeza mabenchi opanda anthu, atseka nyumbayo ndipo iye amutumiza kwina. Orpha anaganizira za makalata ake. Zilembo za m'buku anali atayamba kuzigwira, koma zolemba za Denver, zopendekera ngati mpanda wakugwa, anali asanazithe. Verna akachoka, abwereranso kupositi kukasekedwa.

Verna anavula magalasi n'kufunsa chimene anawalakwira anthu. Anati wapemphera miyezi isanu ndi iwiri osachipeza.

"Munakana mphika," anatero Orpha.

"Mphika uti?"

Anali ataiwaladi. Orpha atamukumbutsa, Verna anagwira pakamwa. Anati iye ankaganiza kuti akuchita bwino, sakanatha kulanda chakudya pakamwa pa ana. Anaimirira kuti atenge chikhoti chake akapepese nthawi yomweyo, koma Orpha anamukhazika pansi. Anamuuza kuti akakapepesa, a Dovie akayankha kuti palibe kanthu, akamufunsa za nyengo, ndipo zithera pomwepo mpaka kalekale.

"Nanga ndichite chiyani?"

"Mukapemphe kanthu. Chinthu choti inu mulibe, iwo ali nacho."

Anaganiza limodzi, ndipo Orpha ndi amene anatchula nyemba. Mbewu ya a Dovie inachokera kwa agogo awo, amene anaoloka nayo phiri kuchokera ku Virginia itasokeredwa mumpendero wa diresi. Sinkapezeka kusitolo kulikonse. M'khwawa monse makomo atatu okha ndi amene anapatsidwapo.

Koma panali chinthu china. Kuno mbewu sitithokoza. Munthu akakupatsa mbewu kapena mphukira ya duwa, umangolandira. Ukanena kuti zikomo, siimera, ndipo wokupatsayo amadziwa kuti wataya mbewu yake pachabe. Mwana aliyense amadziwa zimenezi, moti Orpha anadabwa kuti munthu wophunzira chonchi sanamvepo.

Verna anachita tsinya. Anati zimenezo ndi zikhulupiriro chabe, nyemba ilibe makutu, ndipo Mkhristu amayenera kuyamika pa zonse.

"Mulunguyo mukamuthokoze kuno kunyumba, Mlongo, mpaka mutatopa," anatero Orpha. "Amayi okha musawathokoze."

Verna anati akapempherera nkhaniyo. Lachinayi lotsatira ananena kuti wafufuza m'Baibulo monse ndipo sanapeze pamene akuletsa munthu kutseka pakamwa. Ndiye anayamba kuyeserera. Orpha ankamupatsa supuni, iye n'kunena zikomo. Kumupatsa pensulo, zikomo. Tsiku lina anapirira kanayi konse, Orpha n'kumuyamikira kuti wakhoza, iye n'kuyankha kuti zikomo. Anaseka mpaka misozi, koma Orpha pobwerera kunyumba anali ndi nkhawa.

Anasankha Loweruka loyamba la Meyi, m'mawa. A Dovie anali pakhonde ndi kaliwo wawo, pamodzi ndi achemwali awo a Zella, amene pakamwa pawo panali poyabwa. Orpha ankachapa pambali pa nyumba, manja ali m'beseni koma makutu ali kukhonde. Verna anakwera njira ija wopanda kanthu m'manja, anaima pansi pa masitepe, napereka moni. A Dovie anayankha moniwo koma sanamuuze kuti akwere.

Verna ananena kuti akufuna kulima kadimba kuseri kwa nyumba, ndipo wamva kuti nyemba zabwino m'khwawa muno zili pakhomo pano. Wabwera kudzapemphako mbewu.

"Kwanu ku Ohio nyemba zinatha?" anafunsa a Dovie.

"Zilipo, Mayi Caudill, koma zam'zitini."

"Khasu muli nalo?"

"Ndilibe."

"Ndiye azikumba ndi Baibulo," anatero a Zella.

"Ndimati ndibwereke lanu," anatero Verna, akuyang'ana a Dovie. "Komanso kulimako sindidziwa. Sindinabzalepo kanthu chibadwire."

A Dovie anagogoda kaliwo pa mwendo wa mpando kutaya phulusa, analowa m'nyumba, ndipo anakhalitsa. A Zella anapezerapo mpata wofunsa Verna ngati migolo yake ikadali yodzaza, kapena njenjete zinatembenuka mtima n'kulowa mpingo. Verna anati njenjetezo ndi zokhazo zimene sizijomba Lamulungu. A Zella anafuna kuseka koma anadzigwira.

Potuluka, a Dovie anali ndi kansalu komanga mfundo. Anatsika masitepe awiri, anamasula kansaluko, nakhuthulira nyemba m'manja mwa Verna. Zinali zodzaza dzanja limodzi basi. Kenako anaima n'kumamuyang'ana kumaso.

Orpha anasiya kuchapa. Anaona pakamwa pa Verna patseguka, mano atagundana kale kuti atulutse mawu aja. Nkhope inafiira mpaka m'makutu. Anawameza mawuwo, anayang'ana nyembazo, ndipo anafunsa:

"Ndibzale motalikana bwanji?"

A Dovie anatembenuka n'kuyang'ana kumene kunali beseni, Orpha n'kuwerama kuyamba kufikisa malaya amene anali atayera kale.

"Phazi limodzi," anatero a Dovie. "Lanulo ndi lalitali, muzichotserako pang'ono. Kwerani, chakudya chapsa."

Verna anadya mbale ziwiri za nyemba ndi chikondamoyo, ndi anyezi wamuwisi amene sanamuzolowere, misozi ikulengeza. Atamaliza anayang'ana Orpha ngati akufunsa, ndipo Orpha anagwedeza mutu kuti chakudya chokha amathokoza. Verna ananena zikomo katatu motsatizana.

"Tulutsani onse," anatero a Dovie. "Munatsala pang'ono kuphulika."

Lolemba a Dovie anatsika ndi khasu, ati sangasiye mbewu ya agogo awo m'manja mwa munthu wosadziwa kusiyanitsa nyemba ndi udzu. Anapeza mizere yokhota n'kuiyambiranso. Lachinayi anabweranso kudzaona ngati akhwangwala sanafukule, ndipo anapeza mpongozi wawo ali patebulo ndi pensulo. Anangofunsa kuti Denver akuti chiyani sabata ino, n'kukhala pansi kumvetsera. Khofi anamwa. A Zella nawo anayamba kutsika, ati kudzaona ngati nyemba zimamera m'munda wa munthu wa ku Ohio. Zinamera tsiku lachisanu ndi chinayi, zonse kupatula ziwiri, ndipo a Zella anati ziwirizo ndi zimene anathokoza chamumtima.

Lamulungu loyamba la Juni akuluakulu atatu anafika pagalimoto yakuda. Orpha anali atapempha apongozi ake kuti apite kutchalitchiko, koma iwo anakana. Anati ali ndi mpingo wawo wa makolo kuseri kwa phiri ndipo sasintha ngati malaya. Anangotsika kudzazika mitengo yoti nyemba ziyangepo. Orpha anakhala pabenchi yakutsogolo ndi a Zella ndi amayi ena awiri, anthu anayi m'nyumba yonse, akuluakulu aja akuyang'anana. Verna anayamba nyimbo.

Ndime yoyamba isanathe, chitseko chinatseguka. A Dovie analowa ndi dothi kumapazi n'kunena kuti nyimbo imeneyo saimba mothamanga choncho ngati ukuthawa mvula ikubwera, amaikoka. Anaiyamba okha ndi mawu awo okhuthala, mmene timaimbira kuno, wotsogolera akatchula mzere umodzi ena n'kumavomera. Anthu amene anali panja, amene anabwera kudzangoona galimoto, atamva mawu a a Dovie analowa mmodzimmodzi. Orpha anawerenga mitu khumi ndi isanu ndi iwiri.

Akuluakulu anabwerera madzulo ake, Verna anatsala. Anakhala zaka makumi atatu ndi zinayi.

A Dovie sanalowe mpingowo mpaka imfa yawo. Chikhoti chabuluu chija anakachitenga mu Novembala, atanyamula botolo la uchi, ndipo Verna analandira uchiwo ndi manja awiri. Migolo inatha Khirisimasi isanafike, ndipo pakhonde la Verna pankapezeka mazira, mbatatesi, nthawi zina gologolo wosenda kale. Chilichonse ankadya. Kalata imene Denver analemba kuti akubwerera kwathu, Orpha anaiwerenga yekha, atakhala pamwala kumtsinje, mawu amodziamodzi.

Tsiku limene anaika maliro a a Dovie, mu Julaye wa 1971, anthu akubalalika kumanda, Verna anakoka Orpha pambali. Anafunsa motsitsa ngati tsopano angathe kunena mawu aja, poti akhala akumutsamwa zaka khumi ndi ziwiri.

"Nyemba zili ndi maluwa m'munda," anatero Orpha. "Musayerekeze."

Verna sanawanene mawuwo mpaka imfa yake. Nayenso anagona kumanda komweko, mizere iwiri kuchokera pa a Dovie. Nyumba ya sitolo ija denga linagwa, belu anakapachika kwina, ndipo makomo ambiri m'khwawamo ndi otseka. Orpha amathira nyemba m'thumba la epuloni, amatenga khasu lomwe lija, limene mpini wake wasinthidwa katatu, n'kutsika masitepe pang'onopang'ono. Poyeza amagwiritsa phazi lake, n'kuwonjezerako pang'ono, poti lake ndi lalifupi.