Nkhumba Yanyanga

Che Bakari anatsika basi pa depoti ya Balaka Lachitatu m'mawa, m'thumba la mkanjo muli makwacha khumi ndi asanu opindidwa bwino, ndi ina yapadera ya basi yobwererera. Ankapita kukatenga makhadi awo a bizinesi, oyamba m'moyo wawo.

Iwo anali ogulitsa nyama a ku Ntaja. Kwa zaka khumi ndi zinayi anthu ankagula pa butchala yawo osafunsa funso, ndipo chuma chawo chonse chinali chimenecho. Ng'ombe ndi ng'ombe kulikonse. Chimene Asilamu a ku Ntaja ankalipira kwa Che Bakari chinali kudya mosakayika, podziwa kuti nyamayo inazingidwa mwa lamulo la Chisilamu ndipo mpeniwo sunakhudzepo chonyansa. Tsidya lina la msewu kunali butchala ya Usumani, yotchipa ndi matambala asanu koma yodzaza ntchentche zokha, chifukwa kalekale wina anati anamuona Usumaniyo akutuluka m'bala. Anamuona kamodzi, ndipo mwina sanali iye n'komwe. Ku Ntaja zimenezo zinakwanira.

Za makhadi zinayamba ndi mkulu wa resitihausi ina ya ku Liwonde, amene ankafuna munthu womubweretsera nyama sabata iliyonse. Iye anati mabwana ake sangakhulupirire wogulitsa wopanda khadi. Chaka chimenecho, 1986, munthu aliyense ankayenda kale ndi khadi limodzi, lija lachipani lolowera mumsika, koma limenelo silinkanena kuti mwini wake amagulitsa chiyani. Motero masabata awiri apitawo Che Bakari anapita kwa a Hilary, eni ake a kanyumba kosindikizira kuseri kwa msika wa Balaka, nagwirizana makhadi mazana asanu pa makwacha makumi atatu. Theka analipiriratu. Anapempha dzina lawo pamwamba, keyala pansi, pakati chithunzi cha ng'ombe.

M'kanyumbamo munkanunkha inki, palafini ndi thukuta lakale. A Hilary, bambo wonenepa wovala tayi pa malaya opanda batani limodzi, anali kudya nyama yokazinga yokulungidwa m'nyuzipepala. Che Bakari sanafunse kuti ndi nyama yanji. Anangoona zala zamafutazo zikudula chingwe cha phukusi ndi kusolola khadi limodzi.

“Ntchito ya ku Blantyre imeneyi, Che Bakari, koma mtengo wa ku Balaka.”

Dzina linali lolondola. Keyala inali yolondola. Mawu akuti NYAMA YA HALALI anatuluka akuda bwino. Pakati penipeni panaima chinyama cha miyendo yaifupi, mimba yofika pansi, mphuno yophwatalala ngati chivindikiro cha botolo, ndi kamchira kopiringizika. Pamutu pake panamera nyanga ziwiri zazitali.

Che Bakari anayang'ana nthawi yaitali. Anaika khadilo pa kauntala, napukuta zala pa mkanjo, kenako anaipidwa kuti apukutira pa mkanjo woswalira ku mzikiti.

“Ichi n'chiyani, a Hilary?”

“Ng'ombe.”

“Ng'ombe ya kuti?”

“Zachizungu zimenezi. Zamkaka zimakhala zazifupi choncho.”

“Ine ndazinga ng'ombe zoposa chikwi, bambo. Ya mchira wotere sindinaionepo.”

“Mchira ndi nkhani yaing'ono. Onani kumutu. Kodi nkhumba imakhala ndi nyanga?”

“Ndiye mwaitchula nokha.”

Kuseri kwa makina kunatuluka a Wyson, woyala zilembo, bambo wachikulire wa ku Utale, wa zala zakuda mpaka m'zikhadabo. Anali atagwira ntchito yosindikiza zaka makumi atatu ndipo kunama kunali kusanawalowe, chinthu chimene chinkawasautsa a Hilary.

“Chidindo cha ng'ombe chinang'aluka chaka chatha, ambuje,” anatero a Wyson. “Tinatsala ndi cha nkhuku, cha njinga, cha mtanda, ndi ichi chimene tinapangira kalabu ya alimi a nkhumba kwathu ku Utale. Mtanda ndinadziwa kuti simungaufune. Nkhuku ndinaona kuti ikuchepetsani, munthu wa ng'ombe inu. Ndiye ndinasema nyanga pa chidutswa cha tayala, n'kumata pamutupo. Masana onse ndinathera pamenepo. Taonani mmene zafananira.”

Zoonadi, pa khadi lonselo panalibe china chopangidwa mwaluso kuposa nyangazo.

“Musindikize ena,” anatero Che Bakari. “Opanda chinthu ichi.”

A Hilary ananyambita chala, natsegula kabati, natulutsa pepala limene Che Bakari anasaina tsiku loyamba lija. Panali mawu onse, ndipo pakati panali kabokosi kopanda kanthu kolembedwa ndi pensulo kuti ng'ombe.

“Munasaina apa. Simunatchule mtundu wa ng'ombe. Koma ife sitikana ntchito. Chidindo chatsopano timaitanitsa ku Blantyre, makwacha makumi awiri ndi awiri, masabata atatu. Kusindikizanso, makumi atatu. Mukafuna opanda chithunzi, makumi awiri ndi asanu ndi atatu, chifukwa a Wyson ayalenso zilembo.”

“Cholakwa chanu, wolipira ine?”

“Pepala silidziwa wolakwa, Che Bakari. Chitsekereni njanji ya ku Nacala, inki yakwera katatu. Mukuganiza kuti ndimaikama ku mbuzi?”

“Dulani ndi chimpeni chanucho, chinthucho chichoke.”

“Chili pakati. Mutsala ndi dzina pa kachidutswa kena, keyala pa kena. Muziwapatsa anthu tiwiritiwiri?”

Che Bakari anawerengera mumtima. Ndalama zimene a Hilary ankatchulazo zinali mbuzi zitatu. Anapuma kwambiri, natembenukira kukhomo.

“Khumi ndi asanu aja mudye. Makhadi anuwa musunge. Ine sindinakuoneni, inu simunandione.”

Ankayembekeza kuti a Hilary akuwa. Koma iwo anangoyamba kumanganso phukusilo mosatekeseka.

“Palibe mlandu. Kuno pepala silitayika. Kumbuyo kwake n'koyera, ndipo ndi lolimba bwino. A bala ya pafupi ndi siteshoni amagula zotere, amalembapo matikiti a dansi ya Loweruka. Mazana asanu awakwanira miyezi iwiri.”

Che Bakari anaima phazi limodzi lili kunja. Anaiona bwinobwino njira yonse. Madalaivala a malole amene amamwa pa siteshoni ndi omwewo amene amanyamula thonje ndi fodya pa msewu wa ku Ntaja. Tikiti imodzi yokha, yonyowa ndi mowa, yoiwalika m'thumba la malaya, ikanatsika pa msika wa Ntaja: dzina lawo pamwamba, mawu a halali, nkhumba pakati, kumbuyo dansi. Sikukanafunika munthu wonama. Khadilo likanangoyenda m'manja kuchokera pa sitolo kufika pakhomo pa mzikiti, aliyense akuligwira ndi nsonga za zala, ndipo pofika Lachisanu nyama yawo ikanayamba kuwolera pa mbedza.

Nkhani inali itatembenuka. Makhadi amene sakanatha kuwagwiritsa ntchito anali omwewo amene sakanatha kuwasiya. Anabwerera, natulutsa makwacha khumi ndi asanu aja, nawaika pa kauntala kutali ndi nyuzipepala yamafuta ija.

“Ndagula. Onse.”

“Mwaona kuti ndi ng'ombe tsopano?”

“A Wyson, ndiwerengereni. Ine sindigwiranso.”

A Wyson anawerenga mokweza, akuunjika makumi asanu asanu, ndipo anakwana mazana asanu ndendende. Che Bakari anayamba kupuma bwino. Ndipo apo a Wyson anakanda m'mutu.

“Palinso oyeserera aja, bwana, ali m'katoni ya zotaya. Makina asanagwire bwino timayamba tayesa.”

A Hilary anawayang'ana a Wyson ngati mmene munthu amayang'anira denga lodontha. Oyesererawo analipo makumi awiri ndi atatu, ena ofiira, ena a nkhumba ziwiri zosanjikizana.

“Amenewo sali pa mtengo uja,” anatero a Hilary. “Kwacha imodzi.”

Che Bakari anaichotsa pa ndalama ya basi, podziwa kuti akapempha kondakitala awachitire chifundo kuyambira pa Liwonde.

“Ndi lija la pawindo,” anawonjeza a Wyson.

Linali litakhala pawindo masiku anayi, pakati pa khadi la ukwati ndi la maliro, likuyang'ana njira yopita kumsika. Che Bakari sanafune kuganiza za amene anadutsapo. Dzuwa linali litaliwaula, ndipo anadzilimbitsa mtima kuti anthu a ku Balaka sayang'ana m'mawindo mopanda chakudya.

Anakawotchera kuseri, m'chitini chakale cha penti. Makhadi olimba sapsa msanga. Ankapindika pang'onopang'ono, utsi wake wonunkha tayala ndi palafini, ndipo a Wyson ankatakasa ndi kamtengo ngati munthu wokazinga chimanga. Che Bakari anaima mbali yochokera mphepo atatseka mphuno ndi kansalu, akuona dzina lawo likuda kambirimbiri. Zitatha anapempha kuti zilembo za dzina lawo zimwazidwe pa makina iwo akuona, ndi kuti nyanga zija zimatulidwe. A Wyson anamatula mosafuna, naziika m'thumba la malaya.

“Mwina kudzabwera wina wofuna mbuzi,” anatero.

Atabwerera mkati kuti atsanzike, Che Bakari anaona buku lalikulu lachikuto chakuda pa kauntala, lotsegula. Munali momata chitsanzo cha ntchito iliyonse imene inatuluka m'nyumbamo: malisiti, makalata a misonkhano, mapepala a zopereka za mipingo ndi mizikiti. Makasitomala ankalitsegula posankha zilembo. Pa tsamba lomaliza panali nkhumba ija, nyanga zili njo.

“Ng'ambani tsamba limenelo.”

Nkhope ya a Hilary inasintha, ndipo koyamba tsiku limenelo analankhula motsitsa mawu.

“Limenelo iyayi. Masamba ali ndi manambala. Apolisi akabwera kudzaona zimene tikusindikiza amawerenga limodzilimodzi. Likasowa adzandifunsa kuti panali chiyani chimene ndabisa. Ndidzati nkhumba? Adzandikhulupirira? Ngakhale mutandipatsa ng'ombe yeniyeni, Che Bakari, sinding'amba.”

“Matulani khadi lokhalo.”

“Malo opanda kanthu ndi oopsa kuposa tsamba losowa.”

Apa panalibe za mtengo, ndipo Che Bakari anazindikira kuti munthuyu akunena zoona. Anayang'ana bukulo. Masamba awiri kumbuyo kwake kunali lisiti la komiti ya mzikiti wina wa ku Chikweo, kufupi ndi kwawo. Anthu amenewo adzabweranso malisiti akadzatha, adzatsegula buku, adzayamba ndi tsamba latsopano.

“Nanga inki itatayikirapo?”

A Hilary anaganiza. “Kuthimbirira ndi ngozi ya ntchito. Buku lililonse la osindikiza ndi lothimbirira. Koma dzanja langa lisakhalepo.”

“A Wyson?”

“Pepani ambuje, ntchito yanga yomwe sindingaiwononge. Zija zamoto zandikwanira.”

Che Bakari anapinda mkono wa mkanjo. Anapita pa makina, pamene panali mbale yachitsulo yopakidwa inki, nadinda chala chachikulu. Inkiyo inali yozizira, yomata ngati ulimbo. Anabwerera pa bukulo. Zaka makumi anayi ndi zisanu anali asanakhudzepo nkhumba, yamoyo kapena yakufa, ndipo ankadziwa bwino kuti iyi ndi pepala chabe. Anaika chalacho pa mimba ya chinyamacho, nakanikiza, nazunguliza. Atachotsa, nyanga zinali zikusuzumirabe pamwamba pa bangalo ndipo kamchira kanali kunja. Anabwerera ku makina kawiri. Pomaliza panatsala dzina lawo, keyala yawo, ndi chibanga chakuda pakati, chooneka mizere ya chala m'mbali mwake.

“Mukadzapeza makumi awiri ndi asanu ndi atatu aja mudzabwere,” anatero a Hilary, akubwerera ku nyama yawo. “Makasitomala akale timawaganizira.”

Che Bakari anatuluka, chala atachiimika kutali ndi mkanjo. Makhadi analibe, ndipo za resitihausi ya ku Liwonde anadziwa kuti zapita kwa wina. Koma pa dziko lonse panalibe pepala loika dzina lawo pamodzi ndi chinthu chija.

Nthawi ya swala, pemphero la masana, inawapeza pa mzikiti wa pafupi ndi msika. Anakhala pa mpope kuti atawaze, kusamba kokonzekera pemphero, koma madzi ankangotsetsereka pa inkiyo osafika pakhungu. Anatola mchenga napukuta. Anatola chidutswa cha njerwa. Bambo wina wokalamba amene ankasambitsa mapazi pambali pawo anayang'ana chalacho mwaulemu.

“Mwadinda pa boma, achimwene? Mwagula munda kapena?”

“Iyayi, ambuje. Ndagula zinyalala.”

“Zimenezo n'zodindira masiku ano?”

“Za ku Balaka kuno.”

Wokalambayo anapukusa mutu nalowa. Mkati anthu anayamba kuima m'mizere. Che Bakari anatsala okha pa mpope, akukhula chala pa njerwa mpaka khungu linafiira ndi kuyamba kusupuka, koma m'mphepete mwa chikhadabo munali mukadali mzere wakuda.