Chipolopolo Chofiira

Tinali anthu asanu ndi mmodzi, koma malo a ntchito anali anayi. Kampani yolondera magalimoto a katundu opita kuboda inatiuza poyera kuti wolephera mayeso owomba pisitolo Lachisanu adzabwerera kwawo. Ine Esitele ndinali nditatsanzika kale kwathu ku Kapondo, khasu ndinapatsa mng'ono wanga. Zobwererazo sindinkafuna n'kuzimva komwe.

Tinkaphunzirira m'chigwembe cha miyala kuseri kwa Boma. Mphunzitsi wathu anali a Vincent, msilikali wopuma, munthu amene mano ake sindinawaonepo.

"Tang'aza miyendo pang'ono. Gwira ndi manja onse awiri. Diso pa kansonga ka kutsogolo, chala chikoke mwapang'onopang'ono."

Zonsezo ndinkachita, koma zipolopolo zanga zinkangofukula fumbi m'munsi mwa chandamale. Pomwe Kwacha, mnzanga woima pambali panga, ankaboola pakati penipeni. Kenako ndinamva kuti Kwacha ndi a Vincent onse kwawo ndi kwa Zulu. Ndinati ehe, pali kanthu apa.

Ndinayamba kuwayang'anitsitsa. Lachitatu m'mawa ndinawaona a Vincent atatenga magazini, kabokosi ka zipolopolo ka mfuti yanga. Anatembenukira kumbali, n'kutulutsa kanthu kofiira m'thumba la malaya, n'kukalowetsa pakati pa zipolopolo. Magazini za anzanga sanazikhudze. Mtima wanga unaphulika. Kodi anthuwa amayesa ndinabadwa dzulo? Kwathu timadziwa kuti munthu amakhoza kukutchera mankhwala pa khasu, nanga pa mfuti angalephere?

Popuma masana ndinabisala kuseri kwa mwala n'kuimbira amanijala a kampani. Ndinawauza kuti aphunzitsi akusokoneza mfuti yanga kuti akhozetse wakwawo. Ndinathiramonso ndi tsabola.

Titabwerera pamzere, a Vincent anandipatsa magazini ija.

"Womba zisanu, Esitele."

Ndinawomba mano ali gwa! Choyamba chinalowa m'fumbi, chachiwirinso chimodzimodzi. Pachitatu mfuti sinalire, inangoti tse! Koma mlomo wake unagwera pansi ngati nkhuku yojompha chimanga. Ndinaziona ndekha, anzanganso anaziona.

A Vincent anatenga mfutiyo n'kutulutsa kanthu kofiira kaja. Chinali chipolopolo cha pulasitiki, chopanda wonga.

"Waona? Mfuti sinalire, koma dzanja lako laigwetsa. Umaopa kukankha kwake, ndiye umaikanikiza pansi isanalire n'komwe. Ndikanakuuza pakamwa ukanakana. N'chifukwa chake ndinakubisira."

Anandiwombetsa mfuti yopanda chipolopolo maulendo makumi awiri, mpaka mlomo wake unasiya kugwedezeka. Atandipatsa chenicheni, chinaboola pepala m'mphepete. Kanali koyamba sabata yonseyo.

"Mantha sathera tsiku limodzi," anatero. "Mawa lonse ndikhala ndi iwe. Lachisanu ukhoza."

Manyazi anandigwira. Ndinaganiza zoti tikaweruka ndiimbenso foni ndikonze zimene ndinawononga. Koma tisanatole n'komwe makoko a zipolopolo, galimoto ya kampani inatsikira m'chigwembemo.

Amanijala sanazungulire.

"A Vincent, talandira dandaulo lakuti mukuseweretsa zida za ophunzira. Nkhaniyi yafika kale ku Lilongwe. Muyambe mwaima mpaka tifufuze sabata yamawa. Enanu mayeso ndi Lachisanu lomwelo."

"Wadandaula ndani, bwana?" anafunsa Kwacha mokwiya.

"Zimenezo sitiulula."

A Vincent sanatsutse. Anapereka makiyi a bokosi la mfuti, n'kutenga jekete lawo pamwala. Atafika pachitseko cha galimoto anatembenuka.

"Kwacha, mawa umuthandize mlongo wakoyu. Wangotsala pang'ono, asabwerere kumudzi mwana ameneyu."

Onse anandiyang'ana mondimvera chisoni. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti wadandaula ndine, koma galimoto inanyamuka ndisanaulule.