Mpweya wa Che Zubairu

Mpweya unawathera Che Zubairu pakati penipeni pa azana ya Lachisanu. Mawu oyamba anawakoka bwinobwino, koma pofika poitana anthu kuti abwere kudzaswali, pakhosi panangoti gwa. Chimkuzamawu cha pamzikiti, chopanda chisoni chija, chinamwaza wefuwefu wawo ndi kutsokomola komwe pa Liwonde ponse. Ngakhale makondakitala pa siteji anasiya kuitanira okwera n'kuyamba kuseka.

Swala itatha, Shehe anawaitanira kuseri kwa mzikiti.

"Che Zubairu, aka n'kachitatu," anatero motsitsa mawu. "Sindikufuna kukuchititsani manyazi. Ramadani yatsala miyezi inayi. Tikafika muli chonchi, azana ndipereka kwa Akimu."

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akudzutsa anthu, lero ntchito ipite kwa Akimu wogulitsa matayala, wa mawu ngati wailesi yotha mabatire? Zinawapweteka kwambiri, moti njira yonse yopita kwawo sanayankhe moni wa munthu.

"Musanamizire chimfine," anatero akazi awo a Fadila atamva nkhaniyo. "Ndi chimimba chanucho. Nsapato ndimakumangani ndine masiku ano, mwaiwala?"

Kuchipatala sikelo inaloza makilo 108, ndipo adokotala sanazungulire. Magazi akuthamanga, mafuta akupanikiza chifuwa, shuga ali pakhomo. Achepetse kudya, asiye zonona, aziyenda pansi tsiku lililonse.

Tinene zoona, mimba imeneyo sanaigule pamsika, anaitolera m'masadaka. Kuno munthu akamwalira, pakatha masiku makumi anayi abale amaphika mpunga ndi nyama, n'kuitana anthu kuti adye ndi kumupempherera malemuyo. Woitana azana amakhala pafupi ndi Shehe, ndipo mbale ya nyama yonona imatera pomwepo. Chakudya cha sadaka sichikanidwa, ndipo mbale ikabwerera yodzaza, eni maliro amati mwanyoza wakufa. Sabata zina masadaka ankakhala atatu. Onjezeranipo njinga yamoto imene mwana wawo anatumiza kuchokera ku Joni, yomwe ankakwera ngakhale popita kukagula machesi, ndi tiyi wa masupuni asanu a shuga wotsitsira mandasi anayi.

M'mawa mwake njinga ija anaitsekera m'chipinda, kiyi n'kupatsa a Fadila.

"Ndikakupemphani, mukane," anatero.

"Musade nkhawa, kukana ndimatha."

Atatuluka mu swala ya m'bandakucha, anatsata njanji wapansi kulowera kumtsinje. Tsiku loyambalo anapuma kasanu, thukuta lili kamukamu, mawondo akulira. Asodzi amene ankatsuka mabwato anawafunsa ngati njinga yabedwa. Iwo anangopitirira ali wefuwefu. Kunyumba anapeza tiyi wa supuni imodzi ndi mbatata yophika. Masana a Fadila anawaikira mtanda umodzi wa mgaiwa, chisoso ndi usipa wootcha. Che Zubairu anayang'ana mbaleyo, n'kuyang'ana kukhitchini ngati kukubwera ina, koma sikunabwere kanthu.

Aa, njala ya sabata zoyambazo! Fungo la chiwaya cha chipisi pa siteji linkawatsata mpaka mumzikiti. Tsiku lina anagonja, anadya mbale yathunthu atabisala kuseri kwa golosale, ndipo anadzida okha tsiku lonselo. M'mawa mwake anayenda mtunda wowirikiza.

Pakutha miyezi iwiri ankafika pamlatho osapuma, n'kuwoloka, n'kubwerera. Mkanjo unayamba kukhwepa. Ndiye pakamwa pa anthu! Amene ankaseka mimba aja anayamba kunong'onezana kuti bamboyu akudwala, aonde bwanji munthu wa mwana ku Joni? Ena ankabwera kudzazonda, nkhope zili zachisoni. A Fadila ankawapatsa mpando ndi madzi akumwa, n'kuwauza kuti wodwalayo wapita kothamanga.

M'masadaka anapeza nzeru yokhala kumapeto kwa mkeka, kumene mbale imodzi amadyera anthu asanu ndipo palibe amawerenga manja. Koma kenako kunabwera sadaka ya Che Abdulrazak, mnzawo wa paubwana, tsidya la Shire kumbali ya Balaka. Kumeneko kunalibe kobisala. A Habiba, akazi a malemuwo, anakonza mbale yapadera ya Che Zubairu okha: mpunga wosambira m'mafuta, pamwamba pake nyama ya mbuzi yonona yokhayokha, imene Che Zubairu ankalimbirana ndi mnzawoyo ali moyo.

Anaiyang'ana nthawi yaitali. Malovu anadzaza m'kamwa, misozinso inali pafupi. Akadya yonse, Lachinayi kuli sadaka ina, ndipo kumeneko adzati bwanji munadya kwa Abdulrazak koma kuno mukukana? Anatchula dzina la Mulungu, anatapa katatu, anatenga kanyama kamodzi kopanda mafuta, n'kusamba m'manja.

Mbale itabwerera kwa amayi, sipanatenge nthawi. A Habiba anawaitanitsa pansi pa mtengo wa mango, maso ali psuu.

"Che Zubairu, mnzanu anakulakwirani chiyani?"

"Palibe, alamu. Ndadya."

"Iyayi, kumeneko si kudya. Amayi onse aiona mbale ija. Akuti mwina munali ndi mangawa ndi malemu. Ena akuti mumaopa kuti ndakuthirirani mankhwala. Ine ndiyankhe chiyani?"

"Alamu, mnzanga uja ankadzuka ndi mawu anga. Ankati azana yanga imawoloka madzi n'kumupeza pamphasa. Lero mpweya ukundithera, akufuna kundilanda ntchito. Ndikamaliza mbale ngati imene ija, sindidzaitananso."

"Kale inkawoloka," anatero a Habiba. "Chaka chino timangomva kutsokomola. Mwandichititsa manyazi pa tsiku la amuna anga, basi."

Anatembenuka n'kulowa m'nyumba osatsazika. Che Zubairu anabwerera wapansi, mtima ukuwawa, ndipo pamlatho anaima n'kudzifunsa ngati kuonda kwake n'kumeneku. Koma m'mawa mwake anavala nsapato zawo, anamanga okha zingwe, n'kutsata njanji.

Lachisanu lomaliza Ramadani isanayambe, sikelo inali italoza 94. Shehe anati tsiku limenelo amve yekha n'kugamula. Ndiye taonani, nthawi ya azana itangokwana, magetsi anazima. Chimkuzamawu chinangoti zii.

"Tidikire kaye, mwina ayaka," anatero Akimu akugogoda maikolofoni.

Che Zubairu sanadikire. Kumbali kwa mzikiti kunali masitepe opita pakansanja kamene ankaitanirapo kale zamagetsizi zisanabwere. Panali patatha zaka zisanu ndi chimodzi asanakwerepo. Anakwera onse makumi awiri ndi awiri, osagwira khoma. Pamwamba anaima pang'ono, anayang'ana kumene amayang'ana poswali, anaika zala m'makutu n'kukoka mpweya. Unalowa wonse, mpaka pansi pamimba.

Mawu anatuluka okhaokha, opanda waya. Pofika pamzere unawagwetsa uja, anaukoka mpaka kumapeto, n'kuubwerezanso. Pa siteji panalibe woseka. Atatsika, Shehe anangowagwira dzanja n'kunena kuti, "Mawa m'bandakucha musachedwe."

Loweruka masana a Fadila anabwera kuchokera kumsika atanyamula kambale kokutidwa ndi nsalu.

"Ndakumana ndi a Habiba," anatero. "Akuti dzulo anali kudimba, m'mphepete mwa madzi. Akuti atamva azana yanu, anaika khasu pansi. Kambale aka akuti nkanu."

"Anenanso chiyani?"

"Palibe. Angoti mbale yawo ibwerere."

Che Zubairu anavundukula nsalu ija. Munali nkhwani wotendera, chambo chaching'ono chootcha, ndi mpunga wongokwana dzanja limodzi. Anasamba m'manja, anamutchula mnzawo uja m'pemphero, n'kudya mwakachetechete.

Madzulo ake anawoloka mlatho wapansi, kambale kali m'manja, mulibe ngakhale njere imodzi ya mpunga.