Msana wa Bambo a Mapasa

"Gonani chafufumimba ndikusisiteni, mafuta ndafunditsa kale," anatero mayi a mapasa.

"Musavutike, amayi, msana uli bwino lero," anayankha amuna awo, kenako n'kuyamba kuimba kamluzu.

Aka kanali kachisanu kukana. Zaka khumi ndi ziwiri akuyendetsa lole, bamboyo ankafika pakhomo atapindika ngati chikwakwa, akubuula, akukalipira ngakhale mphaka. Tsopano ankawerama n'kumanga okha nsapato osatukwana, tulo n'kumagona tofa nato. Mkazi wina akanathokoza Mulungu, koma mayi a mapasa mtima unkawawawa. Kwa iwo nkhani inali yoonekeratu: msanawo wapeza manja ena.

Lachinayi masana bamboyo ananyamula kachikwama kotalika n'kunena kuti akupita kugalaja. Mayiyo anawalondola chapatali. Galajayo anaipitirira osacheuka n'komwe, n'kukalowa m'holo ya kuseri kwa chipatala.

Mayiyo anasuzumira pawindo, mawu aukali ali kale pakamwa. Anaona anthu ngati khumi, ambiri aimvi, aliyense pa kamkeka kake. Amuna awo, ndi chimimba chonsecho, anali atagwada ngati mwana wokwawa, akukweza msana pang'onopang'ono n'kuutsitsa. Kutsogolo kunali namwino wachikulire akuti, "Kokani mpweya... tulutsani. Osadzikakamiza."

Anakankha chitseko.

"Ndiye galaja yake ndi imeneyi?"

Bamboyo anangoti khwaa pansi. "Amayi, iyi ndi yoga. Kudziwongola ndi kupuma basi."

"Kudziwongola kumalira bodza? Ondilanda ntchito ya msanawo ndi ati pamenepa?"

Namwinoyo anaseka. "Ine sindisisita munthu, mayi. Koma mwachita bwino kubwera. Ndatopa kuwauza bambowa kuti akuuzeni za kuthamanga kwa magaziku."

"Magazi a ndani?"

Bamboyo anayang'ana zala zawo zakumapazi.

"Dokotala wakuntchito anati akapanda kutsika pofika mwezi wamawa, andichotsa pachiwongolero. Ndinaopa kuti mudwala ndi maganizo. Mankhwala ndikumwa, ndimasunga m'lole. Kunoko mtima ukumakhala m'malo, ndipo ayamba kutsika."

Masabata onsewa mayi a mapasa anali kalikiliki kununkhiza malaya ndi kupisa m'matumba kufunafuna mkazi, chikhalirecho mwamuna wawo akusenza yekha mantha, akugona nawo bedi limodzi. Anakwiya, anachita manyazi, chisoni chinawagwiranso, ndipo sanadziwe kuti ayambe ndi chiti.

"Za bodzazi tikakambirana kunyumba, musaganize kuti zathera pano," anatero akuvula nsapato. "Tsiku lokayezetsalo tipita awiri, ndikamve ndi makutu anga. Tasunthirani uko, kamkekaka si ka inu nokha. A namwino, mpweyawo mwati tizikoka bwanji?"