Phulusa la Amalume ndi Msuzi wa Chifu

Amalume Oldřich anamwalira ku Ostrava, ndipo mtembo utawotchedwa, ntchito yopita ndi phulusa lawo kumudzi inagwera ine ndi mlongo wanga Radim. Amayi anali atatsogola kale kukakonza za kumanda. Galimoto tinalibe, sitima yothamanga inali yodula, ndiye tinakwera zija zoima paliponse pamene pali nyumba ziwiri ndi galu. Kamtsuko ka phulusa kanali m'chikwama chogulira ndiwo, Radim atachikumbatira njira yonse.

Masana tinatsika pa Okříšky kuti tisinthe sitima. Inayo inali isanafike. Kutsidya kwa msewu kunali kanyumba kodyera, ndipo fungo la adyo ndi anyezi linatipeza tikadali pasiteshoni.

"Achemwali, tiyeni tikangomwako madzi," anatero Radim.

Mlongo wangayu mkazi wake anamuletsa nyama. Kunyumba kwawo amadya masamba osaphika ndi tinthangala toyenera mbalame.

"Madzi akowo ndikuwadziwa, amakhala ndi mafupa," ndinatero, koma ndinali ine woyamba kuwoloka msewu.

M'katimo munadzaza amuna a maovolosi, aliyense mutu uli m'mbale. Radim anakhazika chikwama chija pampando wachitatu. Mayi woperekera zakudya, wamanja ngati womenya nkhonya, anafika n'kuloza ndi chibwano.

"Mpando ndi wa anthu, bambo. Chikwama pansi."

"Ndi amalume athu," anatero Radim.

Mayiyo anasuzumira m'chikwamamo, nkhope osasintha. "Adya chiyani?"

"Anasiya."

"Chabwino, akhale. Ndiye kasitomala yekhayo amene sadandaula lero."

Tinayamba ndi msuzi wa chifu cha ng'ombe, wofiira, wamafuta, woti supuni n'kuima yokha. Kenako gulashi, nyama yophika mumsuzi wokhuthala, ndi mulu wa maknedliki, mapisi a buledi wofewa wophika panthunzi aja. Mtengo wake unali wochititsa manyazi ophika. Mowa unali wotchipa kuposa madzi a m'botolo, ndiye tinamwa mowa pofuna kusamala ndalama. Radim ankadya atatsinzina, msuzi ukuyenderera kuchibwano, ngati munthu wotuluka kundende.

Mdala wina wa patebulo loyandikana nafe, wachipewa chamafuta, anali atamva zonse. Anaitanitsa katambula ka kachasu wa zipatso za mapulamu n'kukaika kutsogolo kwa chikwama.

"Munthu sangadutse pano pakhosi pouma," anatero. "Anali wotani malemuwa?"

"Woumira," ndinayankha. "Akalowa malo ngati ano ankabwera ndi buledi wake m'thumba, n'kupempha mpiru wopaka ndi mchere basi. Akatero ankadandaula kuti mpiruwo ndi wa dzana."

Mdalayo anaseka mpaka kutsokomola. Radim anawonjeza ya tsiku limene amalume anatitengera kumalo oonetsa nyama n'kutinyamula mmodzimmodzi kuti tione njovu pamwamba pa mpanda. Ine ndinaseka, kenako ndinazindikira kuti misozi ikugwera m'gulashi. Ndinapitiriza kudya. Kachasu uja anamwa Radim, ati monga mwana wamwamuna wa mlongo wa malemuwo, ndipo mdalayo anaitanitsa wina poti woyambayo sanafike kwa mwini wake.

Sitima yathu tinaiona pawindo ikunyamuka bwinobwino, osafulumira n'komwe.

Foni yanga inalira. Anali amayi.

"Květa, muli pati? Abambo mfumu afika kale."

"Sitima yatisiya, amayi."

"Ndikumva mafoloko."

Anadula. Ina inali yamadzulo, ndiye panalibenso chothamangira. Radim anaitanitsa tchizi wokazinga ndi mbatata, ine ndinapempha mayi uja andikulungire nyama yogaya yowotcha ndi bani kuti ndidyere m'njira.

Tinafika kumanda dzuwa litapendeka. Wansembe anali atapita kukabatiza mwana kumudzi wina, achibale atabalalika. Panatsala amayi ndi mkulu wosamala manda, atatsamira fosholo. Amayi analandira chikwama, n'kununkhiza Radim, n'kununkhiza ine.

"Mlongo wanga mwamutengera kumowa."

Anatulutsa kamtsuko, n'kupukuta ndi mpango kadontho ka msuzi kamene kanali pachivindikiro.

"Munadya chiyani?"

"Chifu ndi gulashi, amayi."

"Anyezi analimo wokwanira?"

"Analimo."

Anapumira m'mwamba. Chidzukire anali asanalawe kanthu, poopa kulandira wansembe ndi mpweya wa soseji. Ndinawapatsa kaphukusi kanga kaja. Anayang'ana uku ndi uku, n'kukhala pamwala wa manda a mphunzitsi wina wakale amene sankagwirizana naye, n'kuyamba kudya.

Wosamala manda uja anafunsa ngati tidikire mawa kuti wansembe adzakhalepo.

"Ikani," anatero amayi, chakudya chili m'kamwa. "Pemphero ndinena ndekha ndikameza."

Tinawaika amalume mvula ikuyamba kuwaza, ndipo pemphero la amayi linali lalifupi.