Singano m'Nsalu za Pabedi

Anzake a kochapira zovala pachipatala ankamutcha Nathovu, chifukwa mikono yake sinkatha sopo. Lolemba lina m'mawa, akufunyulula nsalu za pabedi zochokera kuwodi, chinthu chinamulasa pachala chachikulu. Inali singano ya jakisoni imene wina anaiiwala m'nsalumo. Kadontho ka magazi kanatuluka, kakang'ono ngati mkanda.

Anafuna kungopukuta n'kupitiriza ntchito, koma mayi wamkulu wosita anamugwira mkono.

"Iwe, tsuka pampopi msanga, tiye kwa anamwino. Izi si zachibwana."

Namwino anamubaya chala china n'kudontheza magazi pakachipangizo koyezera HIV. Patapita mphindi zingapo panaoneka mzere umodzi.

"Ndiye kuti ndilibe?" anatero Nathovu, ataimirira kale.

"Takhalani kaye pansi, amayi. Mzerewu ukunena za m'mbuyomu, osati za lero. Kachilombo kakangolowa kumene sikaoneka poyeza, pamapita masabata. Mwachita bwino kufulumira, chifukwa mankhwala oteteza amafunika kuyamba masiku atatu asanathe. Muzimwa tsiku lililonse kwa masabata anayi. Mudzabwerenso pakatha masabata asanu ndi limodzi, kenako pakatha miyezi itatu. Pamenepo m'pamene tidzanene motsimikiza."

Ataweruka anapeza mwamuna wake, kalipentala, akupala thabwa kuseri kwa nyumba. Anamufotokozera zonse, n'kuika paketi ya makondomu pathabwapo. Bamboyo anayang'ana chala chija, n'kuyang'ananso paketiyo.

"Ndiye mayi a ana, tabwereranso pachibwenzi?"

Anaseka onse awiri, koma kuseka kwa mwamunayo kunathera panjira.

Masiku otsatira Nathovu ankakhala ngati akuyenda m'madzi. Mapiritsi ankamupatsa kanseru ndi tulo ta masana. Akamayanika, ankaimirira nthawi yaitali pakati pa nsalu zoyera zikufufuma ndi mphepo, osaona khoma kapena munthu, kuyera kokhakokha, n'kumamvetsera thupi lake ngati munthu amene wamva mtswatswa m'chipinda china. Kodi muli mlendo? Sanali wodwala, komanso sankadzimva kuti ndi mfulu. Nthawi zina ankalota ali maso, akuona magazi ake ngati mtsinje wautali woyenda pang'onopang'ono, iye atakhala m'mbali kudikira chimene chiyandame.

"Nathovu! Zauma kalekale izo!" ankakuwa mayi wosita, iye n'kudzidzimuka.

Masabata asanu ndi limodzi atakwana, mzere unalinso umodzi. Ulendo uno sanaimirire msanga.

"Mwayamba kuphunzira," anatero namwino akumwetulira. "Zikuoneka bwino. Kwatsala kamodzi."

Tsiku lokwana miyezi itatu, mwamuna wake anasiya chitseko cha kasitomala chosamaliza n'kuvala malaya a tchalitchi.

"Ndingokuperekezani," anatero.

Koma atakhala pabenchi kuchipatala, akupotokola chipewa m'manja, ananong'ona kuti iye chibadwire sanayezetsepo. Nathovu anamuyang'ana, munthu wa zikhatho zolimba ngati thabwa, thukuta lili kamukamu pamphuno.

"Tilowe limodzi, bambo a ana. Kasingano kake n'kakang'ono."

Namwino anaika tizipangizo tiwiri patebulo, moyandikana. Kunja wina ankakankha bedi la matayala, likulira kwii, kwii, mpaka phokosolo linazilala kumapeto kwa khonde. Kuno mzere umodzi, uko mzere umodzi.

"Inu amayi, nkhani yatha, mulibe. Nanga inu bambo, miyezi itatu yapitayi palibe chachitika choti tidikirenso?"

"Ine? Ndakhala ngati m'busa, afunseni awa."

M'minibasi Nathovu anatsamira phewa la mwamuna wake. Malayawo ankanunkhira utuchi. Tulo tinamugwira asanadutse n'komwe msika. Atafika pasiteji yawo, kondakitala anamenya chitseko, koma bamboyo anangopukusa mutu, n'kumuuza chapansipansi kuti apitirire, atsikira kutsogolo.